Kusamukira kunja mutapuma pantchito: zoyenera kukonza musadatseke chitseko

Kwa anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, ulendo wa kunja si nkhani yachilendo. Malire a Mozambique ali pafupi, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale tsidya lino ndi tsidya ilo. Koma m'zaka zapitazi kwabadwa ulendo wa mtundu wina. Mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene wagwira ntchito mpaka kupuma amalandira lamya kuchokera kwa mwana wake amene adakhazikika ku Johannesburg, ku Manchester kapena ku Toronto, yomupempha kuti iye ndi mayi abwere adzapume komweko ndi kuthandiza kulera adzukulu.

Pempho lotere limakoma m'khutu, koma limakhudza zinthu zimene munthu wazisonkhanitsa moyo wake wonse: penshoni, nyumba, munda, unzika, ndi manda amene akufuna kudzagonamo. Wachinyamata akalakwitsa paulendo amakhala ndi zaka zokonzera cholakwacho. Munthu wa zaka 60 alibe mwayi umenewo. Nkhani ino ikulongosola zimene banja liyenera kudziwa ndi kukonza lisadanyamuke.

Phunziro la amene adatsogola

Alhomwe ambiri a ku Phalombe ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno, ambiri adalowa m'thangata m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. M'badwo wotsatira udapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a ku Rhodesia kudzera ku Mthandizi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ntchitoyi idadzayambiranso pansi pa Teba mpaka idatha mchaka cha 1988.

Mbiriyi ili ndi maphunziro awiri kwa wopuma pantchito wa lero. Loyamba ndi la ndalama. Mpaka lero alipo okalamba amene adagwira ntchito kumigodi koma akuvutikabe kupeza ndalama zawo, ndipo chopinga chachikulu ndi kusowa kwa zikalata zotsimikiza dzina ndi zaka zimene adagwira. Lachiwiri ndi la unzika. Amalawi amene adakalambira ku Zimbabwe, aja timawatcha matchona, adakhalako zaka makumimakumi osalingalira za mapepala. Mafamu atayamba kulandidwa mchaka cha 2000, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri adapezeka kuti si nzika za kumeneko pomwe kuno kwawo adalibenso malo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 adakonza zina mwa izi, koma anthu ochuluka adali atavutika kale. Munthu wosamuka ayenera kudziwa bwino kuti lamulo likumuona ngati ndani kumene akupita, ndiponso chimene chatsala m'dzina lake kumene akuchokera.

Kucheza, kukhala ndi kukhazikika

Mabanja ambiri amasokoneza zinthu zitatu: chilolezo chokacheza, chilolezo chokhala kwa nthawi yoikika, ndi chilolezo chokhazikika. Kukhala ndi mwana kunja sikupatsa kholo ufulu wokakhala kumeneko. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo ambiri amalimba kwambiri pa okalamba poopa mtengo wa chithandizo cha kuchipatala.

Ku South Africa, Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa popanda viza ndi kukhala masiku 30. Wofuna kukhalitsa ngati wopuma pantchito amafunsira viza ya opuma pantchito, imene imafuna umboni woti munthu amalandira ndalama zosachepera R37,000 pamwezi, ndipo imaperekedwa kwa zaka zosapitirira zinayi. Ndi opuma pantchito ochepa kwambiri a kuno amene penshoni yawo ingafike pamenepo. Njira ina ndi viza ya wachibale, imene imatheka ngati mwanayo ndi nzika ya dzikolo kapena ali ndi chilolezo chokhazikika, ndipo ayenera kuonetsa kuti angathe kusunga kholo lake ndi ndalama zosachepera R8,500 pamwezi. Mwana amene iye mwini akukhala popanda mapepala sangaitane munthu mwalamulo. Wopitiriza masiku amene adapatsidwa amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo ngati wapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu.

Ku United Kingdom, viza yokacheza imalola munthu kukhala miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi paulendo umodzi, ndipo saloledwa kugwira ntchito. Viza yoti kholo likakhazikike ndi mwana wake, yotchedwa Adult Dependent Relative, idaumitsidwa kwambiri mu July 2012. Wofunsira ayenera kutsimikiza kuti chifukwa cha ukalamba, matenda kapena ulumali sangathe kudzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kuvala ndi kuphika, komanso kuti chisamaliro chotere sichingapezeke kapena kulipirika ku Malawi ngakhale mwanayo atamatumiza ndalama. Choncho kholo lamphamvu zake, lomwe likutha kulima ndi kupalasa njinga, silingapatsidwe viza imeneyi. Wofuna kukakhala ku UK kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayeneranso kuyezetsa chifuwa chachikulu pachipatala chovomerezeka ndi boma la dzikolo.

Ku Canada kuli viza ya makolo ndi agogo yotchedwa Super Visa, imene imalola kukhala mpaka zaka zisanu paulendo umodzi. Mwana woitana ayenera kukhala nzika kapena wokhazikika, wamalipiro ofika pamlingo woikika, ndipo kholo liyenera kukhala ndi inshulansi ya chipatala ya ndalama zosachepera madola 100,000 a ku Canada. Ku America, mwana amene ndi nzika ndipo wakwanitsa zaka 21 ndiye angafunsire kholo lake chilolezo chokhazikika. Wongokhala ndi green card sangatero. Malamulo a dzikolo pa Amalawi akhala akulimba: kuyambira pa 20 August 2025 ofuna viza yokacheza ochokera ku Malawi ndi Zambia adayamba kufunsidwa chikole chofika mpaka madola 15,000.

Malamulo ngati awa amasintha kawirikawiri. Musadagulitse kanthu kapena kulipira munthu aliyense, funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe kapena werengani tsamba lake lenileni pa intaneti. Palibe dobadoba amene ali ndi mphamvu yopereka viza, ndipo chikalata chimodzi chabodza chikhoza kutsekera munthu khomo kwa zaka zambiri.

Zikalata zofunika

Chiyambi cha zonse ndi chiphaso cha unzika cha National Registration Bureau, chimene kalembera wake wamkulu adachitika mu 2017. Pasipoti imaperekedwa ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo kwa wa ku Phalombe ofesi yoyandikira ndi ya ku Blantyre. Ya munthu wamkulu imakhala zaka khumi, ya mwana zaka zisanu. Maiko ambiri amafuna pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuti ithe, yokhalanso ndi masamba opanda chidindo.

Vuto lofala kwa anthu obadwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ndi kusiyana kwa maina ndi masiku obadwira. Munthu mmodzi amapezeka ndi dzina lina pa satifiketi ya kusukulu, lina pa kalata yomulemba ntchito, linanso pa chiphaso cha unzika. Ena adachepetsa zaka polowa sukulu, ena adatenga dzina la malume amene ankawalipirira fizi. Kuno kwathu timamvetsa, koma wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe amaona anthu awiri osiyana. Kusiyana kotere kukonzedwe msanga polumbira pamaso pa woweruza milandu kapena loya, ndipo zikalata zonse zigwirizane.

Kupatula pasipoti, banja likonze satifiketi yobadwira ya aliyense wopita, kuphatikizapo ya mwana woitanayo chifukwa ndiyo imatsimikiza ubale. Satifiketi ya ukwati. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu. Kalata yopumira pantchito ndi zikalata za penshoni. Malipoti a kubanki a miyezi ingapo. Ndi mbiri ya kuchipatala. Maiko ena amafuna kuti zikalatazi zidindidwe ndi chidindo chapadera chotsimikiza kuti n'zenizeni. Chikalata chilichonse chijambulidwe kawiri: kope limodzi lisiyidwe kwa mbale wodalirika, lina lisungidwe mu foni kapena pa imelo. Anthu a ku Phalombe amene adaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti pepala losungidwa malo amodzi likhoza kupita ndi madzi usiku umodzi.

Ndani amene lamulo limamutcha wabanja?

M'mudzi, banja ndi onse odyera mumphika umodzi. Kwa akazembe, banja ndi mwamuna, mkazi mmodzi ndi ana awo aang'ono. Kusiyana kumeneku ndiko kumagwetsa mapulani ambiri.

Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ndi kudziwika ngati banja. Koma kunja amafuna pepala. Amene adangomanga chinkhoswe zaka 35 zapitazo apite ku ofesi ya DC ku Phalombe kukafunsa njira yolembetsera ukwati wawo ankhoswe akadali moyo. Wamitala adziwe kuti maiko ngati UK salola mwamuna kubweretsa mkazi wachiwiri, choncho nkhani ya wotsalayo ndi ana ake ikambidwe poyera.

Agogo ambiri amalera adzukulu, ena amasiye. Kulera mwana kuyambira ali wakhanda sikumupanga kukhala mwana wanu pamaso pa lamulo la dziko lina. Pamafunika chigamulo cha khoti chokupatsani ulamuliro pa mwanayo, ndipo ngati kholo lina lili moyo, kalata yake yovomereza yolumbiridwa. Chiyambireni lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, a m'malire amafunsitsa munthu wamkulu woyenda ndi mwana amene si wake. Ngati mdzukulu sangapite nawo, banja ligwirizane za amene adzamusunge, kumene fizi idzachokere, ndiponso ngati n'kwanzeru kunyamuka mwana ali pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4.

Penshoni ndi mphamvu ya kwacha

Ogwira ntchito m'boma amapuma akakwanitsa zaka 60. Amene adalembedwa kale amalandira ndalama ya nthawi imodzi popuma, kenaka penshoni ya mwezi ndi mwezi kuchokera ku boma. Ogwira ntchito m'makampani ali pansi pa lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 ndipo lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Lamuloli limayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo lili ndi njira yolipirira munthu amene akuchoka m'dziko muno osadzabweranso, bola apereke umboni. Musadasankhe njira imeneyi lingalirani kawiri, chifukwa ndalama yotengedwa yonse nthawi imodzi ikatha, palibenso choyembekezera pakutha pa mwezi.

Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti penshoni ya ku Malawi imalipidwa m'makwacha ku akaunti ya kuno. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, pomwe dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze munthu wolandira K170,000 pamwezi. Tsiku limodzi ndalamayi inkagula madola 144, m'mawa mwake inkagula madola 100 okha. Ku Chiringa ndalama imeneyi imagula chimanga, sopo ndi ndiwo. Ku London siingalipire chipinda ngakhale kwa sabata ziwiri. Kuonjezera apo, kutulutsa ndalama m'dziko muno kumatsata malamulo a Reserve Bank, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Kugula madola pamsika wamdima ndi mlandu, ndipo wogwidwa nawo pabwalo la ndege amalandidwa.

Tanthauzo lake n'lakuti kholo losamuka lidzadalira thumba la mwana. Izi zikambidwe mosabisa, mpongozi ali pomwepo: ndani adzalipira inshulansi, mankhwala ndi tikiti yobwerera? Nanga mwanayo ntchito ikamuthera, kapena banja lake likasokonekera, kholo lidzalowera kuti? Nzeru yabwino ndi kusiya penshoni kuti izisonkhana kuno, izisamalira nyumba ndi otsala, ndipo ikhale podzafikira.

Chachiwiri, boma limachita kalembera wa olandira penshoni nthawi ndi nthawi pofuna kuchotsa maina a anthu amene adamwalira. Wosaonekera dzina lake likhoza kuchotsedwa, ndipo kulibwezeretsa kumatenga nthawi. Musadanyamuke, funsani ku ofesi yolipira penshoni kapena ku kampani yosunga penshoni yanu za momwe mungatsimikizire kuti muli moyo muli kunja. Dziwitsaninso banki za ulendowu, chifukwa akaunti yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imatsekedwa, ndipo nambala ya foni yolandirira mauthenga a banki, Airtel Money kapena Mpamba ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imaperekedwa kwa munthu wina. Wochititsa lendi nyumba adziwe kuti ndalama ya lendi imakhudzidwa ndi msonkho wa Malawi Revenue Authority ngakhale mwini wake ali kunja.

Munda, nyumba ndi wilo

Phalombe ndi boma la anthu ochuluka pa malo ochepa. Kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 429,000. Munda wosiyidwa popanda woulima sukhalitsa usadapeze mwini wina. Kwa Nazombe, monga m'madera ambiri a Alhomwe, malo amayenda m'mbumba kudzera kwa amayi, ndipo mwamuna amakhala pachikamwini. Choncho bambo amene adamanga nyumba ya malata ndi ndalama zake zopumira pantchito pamalo a kwa mkazi wake sangaigulitse yekha, ndipo mayi naye sangapereke munda popanda mwinimbumba ndi abale kudziwa.

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo ndi kulandira satifiketi kudzera ku komiti ya malo imene wapampando wake ndi gulupu. Phalombe, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, idali m'gulu la maboma oyamba kuyesera ndondomekoyi. Wofuna kusamuka achite zotheka kuti malo ake alembedwe, malire aonetsedwe pamaso pa nyakwawa ndi oyandikana nawo, ndipo mgwirizano ndi wosamalira malowo ulembedwe papepala. Palembedwe kuti munthuyo akungosunga, zokolola azigawa motani, ndipo mwini akabwera malowo adzabwezedwa liti. Mawu a pakamwa amaiwalika, makamaka mboni zikamwalira.

Apa ndi pamene nkhani ya unzika imalowa. Malamulo a malo amene adasinthidwa mu 2022 amaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, chinthu chimene kale chidali choletsedwa kwa akuluakulu. Amene akuganiza zotenga unzika wa dziko lina atsate ndondomeko ya nthambi yoona za unzika kuti wa kuno usatayike, ndipo ana amene adautaya kale afunse za momwe angaubwezeretsere, popeza ndiwo adzalandire chuma cha makolo.

Pa zonse zimene opuma pantchito amanong'oneza nazo bondo, kugulitsa nyumba ndiko kumapweteka koposa. Ndalama ya nyumba ikasinthidwa kukhala mapaundi imatha m'miyezi yochepa, pomwe mtengo wa simenti ndi malata kuno ukukwerabe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndi bwino kuchititsa lendi kapena kuikamo mbale mpaka patadutsa zaka ziwiri kapena zitatu moyo wa kunja utaoneka mutu wake.

Wilo ilembedwe ulendo usadayambe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndi kusainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, ndipo n'kwanzeru kuti mbonizo zisakhale anthu olandira nawo chumacho. Lamulo lomweli limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ngati pakufunika munthu wosainira zinthu m'malo mwanu, loya alembe kalata yomupatsa mphamvu, koma mphamvuzo zitchulidwe malire ake: kutolera lendi ndi kulipira mabilu, osati kugulitsa kapena kukongolera malo.

Umoyo ndi mankhwala

Kuno tidazolowera kuti chipatala cha boma n'chaulere. Kunja mlendo amalipira. Ku England, mlendo wogonekedwa m'chipatala cha boma amalipitsidwa 150 peresenti ya mtengo wa chithandizocho, ndipo ngongole yosalipidwa ikhoza kulepheretsa viza yotsatira. Ku America, kholo longofika kumene siliyenerera msanga chithandizo cha boma cha okalamba, ndipo kugona m'chipatala masiku ochepa kukhoza kumeza ndalama zimene mwana adasunga zaka zambiri. Inshulansi igulidwe musadakwere ndege, ndipo matenda onse amene muli nawo kale atchulidwe moona, chifukwa kampani ikazindikira kuti mudabisa imakana kulipira.

Odwala matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, kapena amene ali pa ma ARV aonane ndi dokotala wawo miyezi ingapo ulendo usadafike. Apemphe kalata ya m'Chingerezi yofotokoza matenda ndi maina enieni a mankhwala, popeza maina a pabotolo amasiyana m'maiko. Mankhwala anyamulidwe m'mapaketi ake, m'chikwama cha m'manja, okwanira mpaka mutapeza dokotala kumeneko. Mano ndi maso zionedwe kuno, chifukwa kunja n'zodula. Mankhwala azitsamba, mbewu, nyama ndi zamkaka zimaletsedwa m'malire a maiko ambiri. Wodutsira ku Nairobi kapena Addis Ababa afunsiretu ngati akufunika katemera wa yellow fever.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Munthu wokulira kudera la malungo, monga kuchigwa cha Phalombe, thupi lake limakhala ndi chitetezo china chimene chimachepa akakhala nthawi yaitali kudziko lopanda malungo. Pobwera kudzacheza kumudzi, agone m'neti ndipo afunse dokotala za mankhwala oteteza, chifukwa malungo akhoza kumugwira mwamphamvu ngati mlendo.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Zikalata zikhoza kukhala bwino zonse koma mtima n'kukana. Kumudzi wopuma pantchito ndi munthu wolemekezeka: mkulu wa mpingo, nkhoswe, mlangizi wa komiti ya sukulu, woyankhula pamaliro. Kunja amadzuka m'nyumba imene eni ake apita kuntchito, anansi sapatsana moni wautali, ndipo adzukulu amayankha m'Chingerezi chothamanga. Mu December dzuwa ku London limalowa isadakwane 4 koloko madzulo, ndipo kuzizira kumatsekera munthu m'nyumba miyezi ingapo. Amayi nthawi zambiri amapeza chochita polera ana, pomwe abambo amasowa pogwira. Ku South Africa kulinso nkhawa ya ziwawa zochitira alendo, monga zidachitikira mu 2008, 2015 ndi 2019, pomwe Amalawi ambiri adathawa n'kusiya katundu.

N'chifukwa chake akuluakulu ofuna kusamuka ayambe apita kukacheza miyezi iwiri kapena itatu, makamaka nyengo yozizira, ali ndi tikiti yobwerera m'manja. Akafika afufuze mpingo wawo, magulu a Amalawi a mumzindawo, ndi ofesi ya kazembe wa Malawi, monga za ku London, Pretoria ndi Washington. Aphunzire kukwera basi okha ndi kuimba foni ya kanema, kuti asamadikire mwana pa chilichonse. Ambiri akayesa chotere amapeza kuti chowakomera ndi kugawa chaka: miyezi ina kwa ana, miyezi ya dzinja kumudzi kuti adzale chimanga ndi nandolo. Njira imeneyi imasunga nyumba, munda ndi ulemu, ndipo imatheka ndi viza yokacheza malinga ngati munthu sakuoneka kuti wasandutsa kuchezako kukhala kukhazikika.

Nkhani ya maliro

Mwambo wathu sulola kukamba za imfa ya munthu wamoyo, koma banja losamuka liyenera kulimba mtima. Kubweretsa thupi kuchokera kunja kumafuna satifiketi ya imfa, chikalata cha okonza thupi, chilolezo cha maboma onse awiri ndi ndalama zambiri za ndege kapena galimoto. Amalawi okhala ku South Africa ndi ku UK amasonkherana pa zovuta zotere, koma chopereka cha anthu si chodalira. Kholo linene lokha kumene likufuna kudzaikidwa, zilembedwe, ndipo ngati ndi kumudzi, pakhale inshulansi ya maliro imene ikutchula zonyamula thupi kudutsa malire. Abale a kumudzi adziwitsidwe chiganizochi nthawi ikadalipo, kuti pasadzakhale kukangana pa tsiku la chisoni.

Kagawidwe ka nthawi

Kukonzekera koyenera kumatenga pafupifupi chaka. Miyezi itatu yoyamba ikhale ya kukambirana: mwamuna ndi mkazi paokha, kenaka ana, kenaka mbumba ndi ankhoswe. Nthawi yomweyo mufufuze mtundu wa viza imene mungaikwanitse, ndi kukonza maina pa zikalata. Miyezi itatu yotsatira ikhale ya pasipoti, satifiketi ya ukwati, zikalata za ana, wilo ndi kulembetsa malo. Kenaka pabwere za penshoni, banki, kuchipatala ndi ulendo woyesera. Kufunsira viza yokhalitsa, kugula tikiti ndi kupereka makiyi kwa wosamalira nyumba zikhale zomalizira. Ziweto, njinga ndi katundu wa m'nyumba zisagulitsidwe viza isadatuluke.

Pomaliza, tsanzikani bwino. Pitani kwa nyakwawa, kumpingo ndi kwa anansi, bwezani ngongole, ndipo ngati padali mkangano wa malire uthetseni. Amene adzayang'anire nyumba yanu, kukuimbirani foni denga likasasuka ndi mphepo, ndi kukulandirani mukadzatsika basi pa Chiringa, ndi anthu omwewo amene mukuwasiya lero.